Mlonda wa Khomo la Kalasi

Makolo a kwa Kanduku, m'boma la Mwanza, akamva kuti mwana wao wasankhidwa kupita ku yunivesite, amayamba kuŵerengera manachesi a m'munda, matumba a nandolo ndi mbuzi za m'khola. Mtengo wa digiri amaudziŵa bwino lomwe. Chimene saona ndi dzanja loyendetsa koleji, limene limalemba aphunzitsi ntchito, kusankha ophunzira, kutsegula zipata ndi kuzitseka. Tsono popeza maphunziro a mwanayo amakoma kapena kusukuluka m'dzanja limeneli, nkoyenera kuti ticheukire m'mbuyo ndi kuona m'mene atsogoleri a yunivesite yathu yoyamba adayendera.

Yunivesite ya Malaŵi idakhazikitsidwa ndi lamulo mu Okutobala 1964, patangopita miyezi itatu dziko lathu litalandira ufulu wodzilamulira. Maphunziro adayamba mu Seputembala 1965 ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, ndi ophunzira 90 okha. Mkulu woyendetsa zonse tsiku ndi tsiku, amene pa Chingerezi amatchedwa Vice-Chancellor, anali Dr Ian Michael wa ku Britain, ndipo adakhala pa mpandowo mpaka 1973. Ntchito yake yaikulu inali yomanga mtolo. Pofika 1967, sukulu ya zaulimi ya Bunda, Polytechnic, sukulu ya aphunzitsi ya Soche Hill ndi sukulu ya ntchito za Boma ya ku Mpemba zinali zitaloŵa pansi pa denga limodzi. Mu 1973 a ku Chichiri, a ku Soche Hill ndi a ku Mpemba adasamukira ku Zomba nakhala koleji imodzi, Chancellor College. Koleji ya anamwino idadza mu 1979, ya madokotala mu 1991.

Amene adaphunzira pa zaka zoyambazo amazikumbukira ndi chisangalalo, ndipo zifukwa zake nzosabisika. Ophunzira anali ochepa, kotero kuti mphunzitsi ankadziŵa dzina la aliyense ndi kufooka kwake komwe. Mayeso ankaunikidwanso ndi akatswiri ochokera ku mayunivesite akunja, kuti digiri ya kuno ilemere mofanana ndi ya kwina. Komatu chimene chimatikopa ife koposa ndi kagulu ka alembi, Writers Group, kamene kadayamba mu 1970. Ophunzira ndi aphunzitsi ankakhala m'chipinda chimodzi, wina naŵerenga ndakatulo kapena nkhani imene walemba, anzake naisenda popanda kuyang'ana nkhope. M'kagulu kameneka mudadutsa Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande, Steve Chimombo ndi Anthony Nazombe, maina amene lero amadziŵika kutali ndi malire athu. Kagulu kotere sikadafune ndalama zambiri. Kadafuna chipinda, nthaŵi, ndi akuluakulu a koleji osakatsekereza.

Koma pamwamba pa Vice-Chancellor panali mipando ina iŵiri. Chansala, mutu wa yunivesite, anali Dr Hastings Kamuzu Banda mwini wake, ndipo pa zaka zambiri wapampando wa Khonsolo ya Yunivesite anali a John Tembo. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe loletsa mabuku, ndipo dzanja lake lidafika mpaka m'laibulale ya koleji. Pakati pa zaka za m'ma 1970 aphunzitsi angapo, ambiri a iwo ochokera kumpoto, adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Mmodzi mwa iwo anali Felix Mnthali. Mu Seputembala 1987 apolisi adagwira Jack Mapanje, amene pa nthaŵiyo anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, ndipo adakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991, osaonekera ku khoti ndi kamodzi komwe. Anthu a ku Mwanza safunika kuŵafotokozera mantha a zaka zimenezo. Dzina la Thambani ndi chaka cha 1983 nzokwanira.

Tiganizire pang'ono zimene mantha otere amachita m'kalasi. Mphunzitsi amene akudziŵa kuti pakati pa omumvera pali khutu la Boma amayeza liwu lililonse asanalitulutse. Amasiya zitsanzo za kuno kwathu natenga za maiko akutali ndi za anthu amene adafa kalekale. Wophunzira naye amaona msanga kuti funso nloopsa, ndipo amazoloŵera kukopera zolembedwa pa bolodi ndi kuzibweza pa mayeso monga adazilandirira. Digiri amailandira ndithu, mwina ndi malikisi apamwamba, koma luso lofunsa ndi kutsutsa mwaulemu, limene ndilo limasiyanitsa koleji ndi sekondale, amatuluka alibe. Otsatira a Ian Michael, a Gordon Hunnings, David Kimble ndi John Dubbey, onse anali alendo m'dziko lino, ogwira ntchito mwa chilolezo cha Boma lomwelo. Sitiŵaŵeruza mwankhanza, pakuti adasunga mayeso ndi dongosolo pa nthaŵi yovuta. Koma khomo la kalasi linali lopanda mlonda. Ngakhale kasankhidwe ka ophunzira kadachoka m'manja mwa anthu amaphunziro mu 1987, pamene kudalamulidwa kuti malo azigaŵidwa potsata boma lochokera. Khoti lidathetsa njirayo mu 1993, idabwereranso mu 2009, ndipo idachotsedwa mu 2020.

Mu Malichi 1992 ophunzira a ku Chancellor College adayenda m'miseu ya Zomba kuvomereza kalata ya Aepiskopi, ndipo koleji idatsekedwa. Pa zaka zomwezo Professor Brown Chimphamba adakhala Mmalaŵi woyamba pa mpando wa Vice-Chancellor. Ufulu wa zipani zambiri udafika, mantha adachepa, koma padabuka vuto lina. Sukulu yaulere ya pulayimale ya 1994 idachulukitsa ana ofuna malo, pamene ndalama, mabuku ndi zipinda sizidakule mofanana. Kalasi ya anthu makumi aŵiri idasanduka khamu, ena namvera ali chiimire pa zenera.

Chaka cha 2011 chidaonetsa kuti nkhani yakale ija inali isanathe. Pa 12 Febuluwale mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, adaitana Dr Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale, kudzamufunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, chofanizira kusoŵa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno kwathu ndi zimene zidautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anzake adakana kuloŵa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti mulibe akazitape. Apa ndiye padafunika mtsogoleri woima pakati, wouza Boma mwaulemu kuti zolankhulidwa m'kalasi nzoŵeruzidwa ndi anthu amaphunziro. M'malo mwake Khonsolo idachotsa ntchito aphunzitsi anai: Chinsinga, Jessie Kabwila, Garton Kamchedzera ndi Franz Amin. Mkangano udapita ku makhoti, ndipo maphunziro adaima pafupifupi miyezi isanu ndi itatu, kufikira Pulezidenti Bingu wa Mutharika atalamula mu Okutobala kuti anaiwo abwerere pa ntchito. Aŵiri mwa iwo, a Chinsinga ndi a Kabwila, adadzakhala nduna za Boma pambuyo pake. Amene sadabwezeredwe kanthu ndi wophunzira wa kumudzi, amene adakhala pakhomo nyengo yonse ya manachesi ndi ya nandolo, digiri ya zaka zinai nisanduka ya zisanu.

Zitatha izi mayunivesite adachuluka. Ya Mzuzu inali itatsegulidwa kale mu 1999, ya Katolika ku Nguludi mu 2006. Bunda idaima payokha mu 2012, ya sayansi ku Thyolo idayamba mu 2014, ndipo lamulo la 2011 lidakhazikitsa bungwe loyendera makoleji onse ndi kuvomereza maphunziro ao. Pa 4 Meyi 2021 mtolo umene adamanga Ian Michael udamasulidwa: Polytechnic idakhala yunivesite payokha, makoleji a anamwino ndi madokotala adaphatikizana kukhala ina, ndipo Chancellor College idatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malaŵi. Cholinga chinali chakuti mtsogoleri akhale pafupi ndi kalasi, aziona yekha kuchepa kwa mipando ndi kuchedwa kwa zotsatira za mayeso, m'malo modikira makalata ku ofesi ya ku Zomba. Iliyonse idalandira Khonsolo yake ndi Vice-Chancellor wake. Chansala wa zitatu zonsezo, pa tsiku limenelo, anali mtsogoleri wa dziko, monga zidaaliri pa chiyambi paja.