Bokosi ndi Chikwama cha Nyambo Zopanga

Bokosi la nyambo ndi chotengera chimene wowedza nsomba amasungiramo nyambo zopanga, mbedza, chingwe ndi mtovu womiziritsa. Kale mabokosiwa ankakhala amatabwa kapena achitsulo. Apulasitiki anafala kuyambira mu 1952, pamene kampani ya Plano ya ku Illinois ku America inayamba kuwaumba.

Posankha, funso loyamba ndi la kumene munthu akawedzere. Wowedza ncheni ali m'boti pa Nyanja ya Malawi akufunika bokosi lolimba, lokhala ndi mphira m'mphepete mwa chivindikiro, chifukwa mwera ukawomba madzi amalowa paliponse. Koma woyenda wapansi m'mbali mwa mtsinje wa Bua kusaka mpasa angaleme nalo dzuwa lisanafike paliwombo. Iyeyo atenge chikwama chobereka kumsana, muli timabokosi tiwiri kapena titatu tathyathyathya.

Chimene ambiri sachilabadira ndi mtundu wa pulasitiki. Nyambo zofewa, zija zonga nyongolotsi, zili ndi mankhwala ozifewetsa amene amasungunula pulasitiki ya polystyrene. Bokosi la polypropylene silisungunuka choncho. Nyambozi zimapatsirananso utoto, choncho ndi bwino kuzisiya m'timatumba tomwe zinabweramo. Nyambo zolimba za mbedza zamano atatu zimafuna chipinda chakechake iliyonse, apo ayi zimakolana, ndipo kuzimasula kumadya nthawi, mwinanso chala.

Mdani wamkulu ndi dzimbiri. Mbedza imodzi yoikidwa ili yonyowa imawononga zinzake, motero pobwerera kunyumba bokosi lisiyidwe chitsegukire pamthunzi mpaka liume.