MLAMBE WA KU KAM'MWAMBA NDI AKATSWIRI A KU ZOMBA

Lero tili kumunsi kwa boma la Neno, m'chigwa cha Shire, kumene mitengo ya mlambe yakhala ikudyetsa anthu kuyambira makedzana. Makolo athu ankasinja malambe ndi kuthira ufa wake m'phala, koma ambiri mwa ife tinakula tikuyesa chipatsochi chakudya cha ana ndi anyani.

M'zaka za m'ma 1990, pamene dera lino linali likadali m'boma la Mwanza, nkhalango za kwa Kam'mwamba zinayamba kutha. Matumba a makala ankandandalikidwa m'mphepete mwa mseu wa Zalewa kudikira magalimoto opita ku Blantyre. Wootcha makala sanali wopanda nzeru ayi: mvula kuno ndi yochepa, chimanga chimakanika kaŵirikaŵiri, ndipo mtengo unalibe phindu kwa iye kufikira utagwa. Koma nthaka ikakhala pambalambanda, madzi amaikokolola kupita nayo mu Shire, ndipo matope ake amakavutitsa makina a magetsi pa Nkula, amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966.

M'nyengo yomweyo, ku Chancellor College ku Zomba, aphunzitsi aŵiri a Yunivesite ya Malaŵi, a John Saka ndi a Jerome Msonthi, anali kupima zipatso zakutchire. M'chaka cha 1994 anasindikiza zimene anapeza pa mitundu 16 ya zipatso, kuphatikizapo malambe, masuku ndi masau. Anaonetsa kuti zipatso zonyozekazi zili ndi michere yofunika m'thupi. Lero nchodziŵika kuti vitamini C wa m'malambe amaposa ngakhale wa m'malalanje. Zoonadi, mawu a akulu akoma akagonera.

Chakumapeto kwa zaka zomwezo, bungwe la Wildlife Society of Malaŵi, ndi thandizo lochokera ku Germany, linayamba kugwira ntchito ndi midzi ya kwa Kam'mwamba. Anthu anaphunzira kupanga chakumwa cha malambe ndi cha bwemba ndi kuchigulitsa m'mabotolo. Ena anayamba kuŵeta nkhanga ndi njuchi. Pamenepo mtengo wamoyo unayamba kubala ndalama chaka ndi chaka, pamene wamakala umabala kamodzi kokha. M'chaka cha 2008 mayiko a ku Ulaya anavomereza kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa m'misika yawo.

Sitinganene kuti nkhwangwa inaleka kulira m'nkhalango za Neno, boma limene linayamba kuima palokha m'chaka cha 2003. Makala akuotchedwabe. Komabe mbiriyi yatiphunzitsa chinthu chimodzi: munthu wanjala sungamuuze kuti asunge mtengo pokhapokha mtengowo uzimsunganso iye. Ntchito ya ophunzira ndiyo kupeza phindu limenelo, ndi kulitula m'manja mwa mlimi.