Mankhwala a m'mitembo ndi kuiwala kwa akuluakulu

Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa, kotchedwa pituitary, komwe kamatulutsa homoni yokulitsa thupi. Kwa zaka pafupifupi 30 homoniyi inkachokera m'mitembo basi, poti ya ng'ombe sinkagwira ntchito mwa munthu. Mu 1958 Maurice Raben wa ku Boston anabaya nayo mnyamata wa zaka 17 wopinimbira, mnyamatayo n'kuyamba kutalika. Mu 1963 ku America kunakhazikitsidwa bungwe la National Pituitary Agency, lomwe linkatolera tiziwaloti kwa madokotala opima mitembo n'kumagawa mankhwalawo. Mankhwalawo sanakwanirepo. Ankapita kwa ana okhaokha, ndipo mwana akangofika msinkhu woikika ankamusiyitsa jakisoni kuti mnzake apezeko. Kuperewera kumeneku n'kumene kunazika maganizo akuti munthu wamkulu homoniyi alibe nayo ntchito. Dokotala ankayeza kutalika, ndiye wodwala amene anasiya kale kukula analibe choti n'kuyezedwa. Kuiwalaiwala kwake, kutopa ndi kulephera kuika maganizo pa ntchito zinkangotengedwa ngati madandaulo wamba.

Mu 1985 kunadziwika kuti ena mwa amene analandira mankhwalawa ali ana akumwalira ndi matenda owononga ubongo a Creutzfeldt-Jakob, omwe anabwera ndi tiziwalo ta anthu akufa. Odwala motere anapitirira 200 padziko lonse, oposa 100 a iwo ku France. Ku America ntchito yogawa mankhwala a m'mitembo inatha mu 1985, ndipo chaka chomwecho kampani ya Genentech inaloledwa kugulitsa homoni yopangidwa ndi mabakiteriya. Mankhwala atachuluka, mu 1989 magulu a madokotala a pa St Thomas' ku London ndi a ku Aarhus anaonetsa kuti akuluakulu osowa homoniyi amapindula akailandira. Ambiri mwa anthuwa ndi amene anachitidwa opaleshoni ya chotupa cha pituitary, ovulala m'mutu, ndi amayi amene kachiwaloka kanawonongeka atataya magazi ambiri pobereka.

Ena amati matenda a akuluakuluwa anapekedwa ndi makampani ofuna msika. Kukayika kumeneku n'komveka, chifukwa homoniyi yagulitsidwapo mwachinyengo ngati mankhwala obwezera unyamata. Komatu Raben yemweyo analemba mu 1962 za mphunzitsi wamkazi wa zaka 35 amene atailandira anati mphamvu ndi khama zabwerera, pamene panalibe kampani yoti ipindule. Mfundo ina ya okayika ndi yolimba kuposa ya makampani ija: mwina chowononga nzeru ndi chotupacho, opaleshoni, kuwotchedwa ndi radiation kapena kusowa kwa mahomoni ena. N'zoona kuti zonsezi zimavulaza ubongo. Koma mu 1996 Jan Berend Deijen ndi anzake ku Amsterdam anapeza kuti ngakhale amuna osowa homoni yokhayi, enawo ali bwinobwino, ankakumbukira movutikira, ndipo pambuyo pake anaona kuti kukumbukirako kunawongokera atalandira mankhwala. Thupi nalonso likuvomereza: gawo la ubongo losunga zinthu zatsopano, hippocampus, lili ndi malo olandirira homoniyi komanso IGF-1, yomwe chiwindi chimapanga homoniyi ikachilamula.

Kafukufuku wambiri wa mtunduwu anachitika pa anthu ochepa, ndipo kusinthako si kwakukulu mwa aliyense. Amene amalonjeza nzeru zakuthwa akunama. Chondidandaulitsa n'chakuti mtengo wa mankhwala tsopano ukuchita zimene kuperewera kunkachita kale. Mu 2003 bungwe la NICE ku Britain linalamula kuti munthu wamkulu ayambe kulandira homoniyi pokhapokha atavomera madandaulo osachepera 11 pa mafunso 25 okhudza moyo wake, ena mwa iwo ofunsa za kuiwala. Pakatha miyezi 9, ngati madandaulowo sanatsike ndi 7, jakisoni amamusiyitsa, ngakhale atati tsopano akukumbukira mayina a anzake kuntchito.