Mlendo ndi mame: mavolontiya akunja ndi msewu wa ku Wenya

Pa 1 Malichi 1961, Pulezidenti John F. Kennedy wa ku America anasaina chikalata chokhazikitsa bungwe la Peace Corps. Ganizo lake linali losavuta kumva. Anyamata ndi atsikana amene angomaliza kumene ku yunivesite azitumizidwa ku mayiko osauka kwa zaka ziwiri, akagwire ntchito ndi kukhala monga momwe eni dziko amakhalira. Tisanamizane, ndale zinalimonso. Inali nthawi imene America ndi Soviet Union ankalimbirana mitima ya mayiko amene ankangolandira kumene ufulu. Gulu loyamba linafika kuno mu 1963, dziko lino likadali Nyasaland, boma la Chitipa likadatchedwa Fort Hill. Ambiri anali aphunzitsi, poti atsamunda ankapakira katundu atatisiyira masekondale owerengeka ndi aphunzitsi achikuda ochepa zedi. Angerezi anali kale ndi bungwe lawo la VSO, lomwe linayamba mu 1958, ndipo a ku Japan anayamba kutumiza achinyamata awo kuno mu 1971.

Nthenda imene alendowa ankadwala akafika inali itapatsidwa kale dzina. Katswiri wina wa za chikhalidwe, Kalervo Oberg, anaifotokoza mu 1954 polankhula kwa amayi achizungu okhala ku Rio de Janeiro, ndipo anaitcha culture shock. Ndi kuzunguzika mutu kumene munthu amakumana nako zizindikiro zonse zomwe anazolowera zikasowa, osadziwa kuti moni aupereke bwanji, aseke liti, akane bwanji chakudya popanda kunyoza mwini nyumba. Poyamba zonse zimakoma ngati ukwati watsopano. Kenako chilichonse chimayamba kunyansa. Amene wapirira amadzazolowera.

Kwa mavolontiya a kuno, zozunguza mutuzo sizinali zikuluzikulu ayi. Chimbudzi cha dzenje chonjuta. Kusamba madzi a m'ndowa m'bafa yaudzu, kumwamba kuli pululu. Kuyatsa mbaula kwa theka la ola kuti umwe tiyi kapu imodzi. Nsima yotentha yomwe eni ake akuitema bwinobwino iwe zala zikupsa. Ana kukutsatira kuchokera ku mjigo mpaka pakhomo, akufuula kuti "mzungu!" Ndipo choposa zonse, kusowa kwa mpata wokhala wekha. Kwawo munthu akadzitsekera m'nyumba ndi buku amati akupuma. Kwathu amati wadwala kapena wakwiya, ndiye anthu amabwera kudzamuzonda.

M'mibadwo yoyamba ija muli mayina awiri amene sanaiwalike. Woyamba ndi Paul Theroux, amene pambuyo pake anadzakhala mlembi wotchuka wa mabuku a maulendo. Iye anaphunzitsa pa Soche Hill ku Blantyre, anaphunzira Chinyanja, n'kusiya nyumba ya aphunzitsi kukakhala ku Kanjedza pakati pa anthu wamba. Chimene chinamugwetsa sichinali nsima, chinali ndale. Nduna zitagalukira Kamuzu mu 1964, David Rubadiri, yemwe anali kazembe wathu ku America, anatula pansi udindo n'kukhala m'gulu la othawa. Theroux anamuthandiza potengera mayi ake pagalimoto kupita nawo ku Uganda. Mu 1965 anapitikitsidwa m'dziko muno, ndipo a Peace Corps nawo anamuchotsa ntchito.

Wachiwiri ndi Jack Allison, amene anagwira ntchito ya sikelo ya ana kwa Nsiyaludzu ku Ntcheu kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ataona kuti kulalikira za zakudya kwa amayi sikukuphula kanthu, anapeka nyimbo m'Chichewa, ina mwa izo "Ufa wa Mtedza", yolimbikitsa kuthira nsinjiro m'phala la mwana. Nyimboyo inalira pa MBC mpaka agogo athu ena akuikumbukirabe. Komatu taganizani. Nsinjiro sanabwere nazo kuchokera ku America. Anazipeza m'mtondo mwa amayi omwewo amene ankawaphunzitsa. Nzeru yake inali yomvetsera kaye.

Kamuzu sanawakonde achinyamatawa. Munthu wa suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa cha ku London sakanamvetsa mzungu wovala nkhwaira, wosunga ndevu, womwa masese ndi anthu a m'mudzi. Kwa iye mzungu ankayenera kuoneka ngati bwana kuti ana asukulu atengere chitsanzo. Apa ndiye pali choseketsa: amene anagwidwa kwambiri ndi culture shock pa zaka zimenezo mwina anali Ngwazi yomwe. Ubale unazizira, gulu la Peace Corps linachoka kwa kanthawi, n'kudzabweranso kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Pobwerapo anapeza lamulo la kavalidwe la 1973 lili m'malo, akazi osaloledwa kuvala thalauzi kapena siketi yosafika m'mawondo, amuna atsitsi lalitali akumetedwa pabwalo la ndege. Lamuloli linadzatha mu 1993, koma chitenje chinatsalabe phunziro loyamba la mtsikana aliyense wopita kumudzi.

Nkhani zonsezi ndi za ku Blantyre ndi ku Ntcheu, kumene kuli misewu ndi Chichewa. Kuti muone mlendo akuyesedwa zenizeni, kwerani kumpoto mpaka ku Karonga, mukhotere kumadzulo makilomita pafupifupi 100 kukafika pa boma la Chitipa, kenako mutembenukire kummwera pa msewu wafumbi wodutsa ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga. Mukafika ku Wenya, dera la Inkosi Mwenewenya, musanapitirire ku Nthalire ndi ku Nyika. Ngakhale msewu wa Karonga–Chitipa womwewo unadzaona phula zaka za m'ma 2010 zitayamba kale. Wa ku Wenya, mvula ikagwa, galimoto imayenda mwa chisomo. Mu Juni ndi Julayi kumazizira moti amene anabwera ndi maganizo akuti Africa yonse ndi ng'anjo amagona atavala juzi ziwiri.

Kuyambira pamene boma linasandutsa masukulu a MCDE kukhala ma CDSS kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, malo ngati amenewa ndiwo akhala akulandira mavolontiya: sekondale ya masana yosowa mphunzitsi wa masamu kapena sayansi, chipatala chaching'ono, ofesi ya zankhalango. Ndipo chopunthwitsa choyamba kumeneko ndi chilankhulo. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha MCP unagamula kuti Chichewa ndicho chilankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Koma lamulo la ku msonkhano silisintha zimene mayi amalankhula ndi mwana wake pamoto. Ku Wenya moni ndi "monire", zikomo ndi "yewo", nsima ndi "sima". Ukakwera matola kupita pa boma, m'galimoto momwemo umva Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, mwinanso Chibemba ndi Chiswahili cha amalonda, poti Zambia ndi Tanzania zili pakhomo. Mlendo amene waloweza "muli bwanji" m'ndege amamuyankha mwaulemu ndithu, koma amazindikira msanga kuti walonjera m'chilankhulo cha boma, osati cha pakhomo.

Amene amamutulutsa m'chisokonezo chimenechi ndi ndani? Apa ndi pamene mabuku a mbiri amakhala chete. M'zaka za m'ma 1960 mavolontiya ankaphunzitsidwa ku mayunivesite a ku America asananyamuke. Pambuyo pake njira inasintha, anayamba kukhala miyezi iwiri kapena itatu m'mabanja a m'midzi ya kuno asanatumizidwe ku malo awo a ntchito. Ndiye kuti mphunzitsi woyamba wa mphunzitsi wa ku America ndi mayi wa m'mudzi, amene mwina sukulu anailekezera Sitandade 5. Ndi iye amamuonetsa kupeta ufa, kuvundula nsima osagwetsa mphika, kumanga chitenje kuti chisamasuke pamsika, kugwada popereka madzi kwa akulu. Akafika ku malo ngati Wenya ntchitoyo imagwera aneba. Wina amamuuza kuti kukagwa maliro sufunsa ngati womwalirayo umamudziwa, umangopita. Wina amamunong'oneza kuti nkhuku imene yaphedwa chifukwa cha iye saikana, ngakhale kwawo sadya nyama. Mwana wasukulu amamusonyeza chulu kapena kaphiri kamene netiweki imagwira.

Ndipo anthu a m'mudzi nawonso amazunguzika, kungoti palibe amene amawafunsa. Munthu wamkulu kuthamanga m'mawa popanda chomuthamangitsa. Galu kugona m'nyumba, kupatsidwa dzina la munthu ndi mazira okazinga. Mtsikana wa zaka 24 wopanda mwamuna, wopanda mwana, makolo ake n'kumulola kuwoloka nyanja yekha. Munthu amene aliyense akudziwa kuti kwawo kuli ndalama, koma akutsutsa mtengo wa tomato pamsika. Kudabwa kwa mlendo kunalembedwa m'makalata, m'mabuku, lero pa intaneti ndi zithunzi zomwe. Kudabwa kwa eni mudzi kunathera pa mjigo ndi pa bawo.

Pali mlendo winanso amene ine ndimamuganizira kwambiri ndikamawerenga mabuku amenewa. Ndi mphunzitsi kapena namwino wa ku Mulanje kapena ku Nsanje amene kalata ya boma yamutumiza ku Wenya. Nayenso Chitumbuka sachidziwa. Nayenso kuzizira kumamudabwitsa, ndiwo n'zachilendo, kwawo ndi ulendo wa masiku awiri ndipo thiransipoti yake imadya gawo lalikulu la malipiro. Kwa zaka zambiri m'maofesi a boma kutumizidwa ku Chitipa anthu ankakutenga ngati chilango. Koma iyeyu palibe amamukonzera banja lomulandira, palibe mphunzitsi wa chilankhulo, palibe dokotala wa ku Lilongwe woti amuimbire malungo akamugwira. Ndipo zaka zake si ziwiri. Amakhala mpaka tsiku limene transifa idzatuluke, ngati idzatuluke. Zimene akumvazo ndi nthenda ija ya Oberg ndithu, koma kwa iye timangoti azolowera.

Sindikunena kuti mavolontiya sanagwire ntchito. Alipo madokotala ndi mainjiniya a dziko lino amene masamu anawamvetsa koyamba kwa mnyamata wa ku Ohio kapena wa ku Osaka, ndipo alipo alendo amene anaphunzira Chitumbuka mpaka kumatha kuseka nthabwala za pamaliro. Theroux mwiniwake, atabwerera ku Soche Hill patapita zaka pafupifupi 40, analemba mu Dark Star Safari mokhumudwa ndi mmene anaipezera sukuluyo, mpaka kukayikira ngati thandizo la akunja limathandizadi. Mukhoza kutsutsana naye, ineyo penapake ndimatsutsana naye, poti amalemba ngati kuti sukulu inayamba kugwa tsiku limene iye anachoka. Koma funso lake silinayankhidwebe.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo mwambiwu unaoneka bwino mu Malichi 2020. Covid-19 itayamba kufalikira, Peace Corps inachita zimene inali isanachitepo chiyambire 1961, kuitanitsa mavolontiya ake onse padziko lapansi, pafupifupi 7,000, kuti abwerere kwawo. M'masiku ochepa anthu anapakira zikwama, ena osatsanzika n'komwe ana a Fomu 4 amene ankawakonzekeretsa mayeso a MSCE. Agalu aja anasiyidwa kwa aneba, pamodzi ndi mbaula, ndowa ndi mabuku. Masukulu anatsekedwa mwezi womwewo, ndipo atatsegulidwanso chakumapeto kwa chaka, mapiriyodi a alendowo anagawidwa kwa aphunzitsi amene anatsala.