Cikole ndi Ngongole m'Cigwa ca Domasi

Makolo anati, "Mlandu suola." Mbiri ya ngongole m'cigwa ca Domasi iwacitira umboni mau amenewa.

Kale lomwe, m'dziko la mfumu Malemia, monganso kwina pakati pa Ayao ndi Anyanja, munthu akalephera kulipira mlandu, abale ace ankapereka cikole. Nthawi zina cikoleco cinali munthu, makamaka mwana wa mlongo wace. Cuma cikapezeka, mwanayo ankamuombola. Cikapanda kupezeka, ankasanduka kapolo. Boma la Angerezi, limene linakhazikika m'caka ca 1891 ndi likulu lace ku Zomba, linaletsa ukapolo, ndipo cikole ca munthu cinazilala.

M'caka ca 1903 Bomalo linaika lamulo locepetsa ngongole imene wamalonda wacilendo akanatha kulondola m'khoti kwa munthu wakuda. Amati nkumchinjiriza, koma lamulolo linamangitsa amalonda acikuda, pakuti masitolo akuluakulu ankaopa kuwakongoza katundu. M'caka ca 1933 mafumu anapatsidwa mabwalo ao a milandu obvomerezeka ndi Boma, ndipo ngongole za m'midzi zinkaweruzidwa kumeneko.

Masiku ano cikole si munthu ai, koma katundu. Wogula galimoto pa ngongole aikiza galimoto lomwelo. Lamulo la m'caka ca 2013 lilola kuti wokongoza alande cikole ndi kucigulitsa ngati wokongola waleka kulipira.

Tsono apa mpamene ambiri asokera. Ayesa kuti galimoto likapita, ngongole yatha. Iai ndithu. Ndalama zogulitsira galimotolo zikaposa ngongole, zotsalazo nza wokongola. Koma zikaperewera, ngongole ikalipobe, ndipo wokongoza angathe kukasuma. Khoti likagamula, asherifu angabwere kudzatenga katundu wina wa panyumba.

Cifukwa cace munthu wolandira samani asabisale, pakuti mlandu ungaweruzidwe iye kulibe. Apite ku khoti ndi malisiti ace onse, afunse mtengo umene galimoto linagulitsidwa, ndipo apemphe kuti azilipira pang'onopang'ono monga mwa mphamvu zace.

Lero mwana wa mlongo sagwidwanso, koma ngongole yosasamalidwa isautsabe banja lonse. Wanzeru awerenga pangano lonse asanasaine.