Chingalawa cha ku Trosly ndi Amene Adachisenza

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 1964, Jean Vanier, mwana wa Bwanamkubwa wa dziko la Canada, adaloŵa m'kanyumba kakale m'mudzi wa Trosly-Breuil, kumpoto kwa Paris. Adaitana amuna aŵiri ofooka m'nzeru, Raphaël Simi ndi Philippe Seux, kuti adzakhale naye. Masiku amenewo anthu otere ankatsekeredwa m'nyumba zikuluzikulu, kutali ndi abale ao, popanda ntchito kapena wocheza nao. Kanyumbako adakatcha L'Arche, ndiye kuti chingalawa, pokumbukira chija cha Nowa.

Chachilendo pa nyumbayi chidali chakuti wothandiza sankabwera m'maŵa ndi kuŵeruka madzulo ngati wa ku chipatala. Ankagona pansi pa denga lomwelo, kudya pa tebulo lomwelo, kutsuka mbale ndi kupemphera pamodzi ndi othandizidwa. Posachedwa anyamata ndi atsikana adayamba kufika kuchokera ku maiko ena. Ambiri ankadzipereka chaka chimodzi kapena ziŵiri, namalandira kandalama kochepa chabe. Mu 1969 nyumba ya Daybreak idatsegulidwa pafupi ndi Toronto, mu 1970 ina ku Bangalore, ku India, ndipo pambuyo pake mbeuyi idafika kuno ku Afrika: ku Côte d'Ivoire, Uganda, Kenya ndi ku Harare komwe.

Mwa alendo onse odzipereka, wodziŵika kwambiri ndi Bambo Henri Nouwen, wansembe wa ku Holland. Iwo adaphunzitsa pa masukulu aukachenjede a Yale ndi Harvard, koma adasiya ulemerero wonsewo, ndipo mu 1986 adakakhazikika ku Daybreak. Kumeneko adapatsidwa ntchito yosamala mnyamata wina dzina lake Adam, amene sankalankhula, ankadwala khunyu, ndipo sankatha kudzichitira kanthu. M'maŵa Bambo Nouwen ankamdzutsa, kumsambitsa, kummeta, kumveka ndi kumdyetsa. Poyamba ankachita mantha, manja ali njenjenje. Koma m'kupita kwa nthaŵi adazindikira kuti munthu wosalankhulayo ndiye adasanduka mphunzitsi wao, poŵaonetsa kuti Mulungu amatikonda tisanachite kanthu kalikonse kotamandika. Onse aŵiri adamwalira m'chaka chimodzi, cha 1996.

Tikadakonda kuti mbiriyi ithere pamenepa, koma choona sichilola. Vanier adamwalira mu Meyi 2019, anthu ambiri akumuyesa woyera. Mu Febuluwale 2020 akuluakulu a L'Arche adalengeza kuti kafukufuku amene iwo eni adaitanitsa adapeza kuti Vanier adachita zonyansa ndi amai asanu ndi mmodzi amene ankabwera kwa iye kudzafuna uphungu wauzimu. Mu Januwale 2023 kafukufuku wachiŵiri adaŵerenga amai osachepera 25, kuyambira 1952 mpaka 2019. Adaonetsanso kuti Vanier ankatsata ziphunzitso zabodza za mlangizi wake, Bambo Thomas Philippe, amene Roma idaŵalanga kale mu 1956. Mwa amai onsewo sadapezemo wofooka m'nzeru, komabe ena adali othandiza amene adabwera ndi mtima woyera kudzatumikira.

Nanga ife Akhristu titi chiyani? Poyamba, tisabise. Mlendo wodzipereka amakhala kutali ndi kwao, sadziŵa chilankhulo, alibe malume woti amdandaulire. Nchifukwa chake asoŵa chitetezo monga momwe achisoŵera amene iye akuŵasamala. Mtsogoleri amene palibe womfunsa mafunso ali pa ngozi, ndipo amaika anzake pa ngozi. Makolo amene mwana wao afuna kukatumikira kunja achita bwino kufunsa kuti akavutika akadandaula kwa yani.

Kachiŵiri, tizindikire amene adasenza chingalawachi. Woyambitsa adagwa, koma nyumba zoposa 100 m'maiko ambiri zikupitirirabe, chifukwa maziko ake sadali munthu mmodzi. Maziko adali Raphaël, Philippe, Adam ndi anzao, pamodzi ndi achinyamata osatchuka amene ankadzuka usiku kukasintha zofunda zonyoŵa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili lidasenzedwa ndi mitu imene dziko linkaiyesa yopanda pake.

Kachitatu, tiyang'ane kwathu. Si tonse tidzakwere ndege kupita ku France kapena ku Canada. Koma m'midzi mwathu alipo ana ndi akulu ofooka m'nzeru amene amatsala kuseri kwa nyumba ife tikamapita ku Misa, ndipo ena timaŵatchula maina achipongwe. Iwonso adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo ambiri adabatizidwa monga ife. Pamene mphakati wathu udzasonkhana sabata ino, tiŵerenge amene palibe, tifunse chifukwa chake, kenaka titume munthu akaŵatenge.