Mlandu wa Osonkha Moto m'Sitima

Abale, makolo athu ena anasenza malasha pa njanji ku Bulawayo, ndipo thukuta lace tilidziwa. Ku mwera kwa Amereka osonkha moto m'sitima ambiri anali anthu akuda, popeza nchitoyo inali yotentha ndi yamwaye. Wakuda sanali kuloledwa kuyendetsa sitima. Anali kukalambira pa fosholo.

Koma pamene mainjini a dizilo anadza, nchito inapepuka, ndipo Azungu anayamba kuisirira. M'caka ca 1941 bungwe lao, limene linali kukana kulemba wakuda, linapangana ndi makampani kuti akuda acepetsedwe. Bester William Steele wa ku Alabama anamcotsa pa malo ace, nakhala masiku 16 wopanda nchito, ndipo pambuyo pace anamponya ku sitima ya katundu, kumene nchito inali yowawa koma malipiro ocepa.

Loya wa ku Washington, Charles Hamilton Houston, anasenza mlanduwo kufikira ku Bwalo Lalikulu la dziko la Amereka. Pa 18 December 1944 oweruza anagamula kuti bungwe lolankhulira anchito onse liyenera kuwaimira onse mosakondera. Koma sanalilamule kuti lilembe akuda, ndipo khomolo linakhala lotseka zaka zinanso zambiri.